Kabati ya Pentax: momwe ntchito ikuyendera, Febuluwale mpaka Meyi

4 Febuluwale

Ntchito yafika pa tebulo lero, koma m'mutu inayamba chaka chatha, tsiku limene tinkagawana katundu wa malemu malume. Ena anatenga njinga, ena wailesi, ine anandipatsa chikwama chachikopa chimene aliyense ankachiyesa chosungiramo malezala. Nditatsegula ndinapezamo kamera ya Asahi Pentax Spotmatic ndi lenzi yake ya Super-Takumar 50mm f/1.4. Malume anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo zithunzi zambiri zaukwati zimene zapachikidwa m'nyumba za kwathu zinadutsa m'galasi limeneli.

Ndikufuna kamerayi iyambenso kujambula, pamodzi ndi Pentax K1000 imene ndinagula pa kaunjika mwezi watha. Zikatheka, ndilembe mbiri ya kampani imene inapanga makamerawa pa makadi 12, m'Chichewa, khadi lililonse mawu osapitirira 80. Makadi ndi makamera zikalowa m'kabati yagalasi m'chipinda chimene achinyamata ophunzira kujambula amakumanamo Loweruka lililonse. Anawa amajambula bwino ndi mafoni awo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo filimu. Ndadzipatsa mpaka pakati pa Meyi.

9 Febuluwale

Khadi loyamba latha, koma landivuta. Ndinalemba mawu 210, ndiye ndakhala usiku wonse ndikusadza.

Kampaniyi sinayambe ndi kamera. Mu 1919, ku Tokyo, Kumao Kajiwara anatsegula kafakitale kopera magalasi a maso, n'kukapatsa dzina lakuti Asahi Kogaku. Asahi ndiye dzuwa lotuluka m'mawa. Kuchoka pa magalasi a maso anayamba kupera malenzi a makina oonetsera kanema, kenako malenzi a makamera a anthu ena: Konishiroku, imene inadzatchedwa Konica, ndi kampani imene inadzakhala Minolta. Kwa zaka zoposa 30 Asahi inali ngati telala wa pakhonde, wosoka malaya amene eni sitolo amamatapo chizindikiro chawo. Mu 1938 inalembetsedwa mwatsopano ndi dzina limene ambiri timalidziwa, Asahi Optical. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ntchito yaikulu inali magalasi a asilikali, ndipo nkhondo itatha kampani inathetsedwa. Inadzukanso mu 1948, Saburo Matsumoto ali pampando, ndipo chimene chinabweretsa ndalama poyamba chinali mabainokyula ang'onoang'ono.

Mzere umodzi ndakana kuusadza. Dzina la Takumar, lolembedwa pa mkombero wa lenzi ya malume, likuchokera kwa Takuma Kajiwara, mbale wake wa Kumao, amene anapita ku America n'kukakhala wojambula zithunzi za nkhope za anthu mumzinda wa St. Louis. Ndinkaliyesa dzina lopeka la malonda. Kani ndi la munthu wa situdiyo, mnzawo wa malume pa ntchito.

16 Febuluwale

Chikomekome cha mkuyu. Kunja Spotmatic ikuwala, koma nditatsegula chitseko cha kumbuyo siponji yotseka kuwala yasanduka phula, ikumata zala. Siponji imene kalilole amagundapo akadumpha nayonso yatha. Shutter, kachitseko kotsegulira kuwala kuti kufike pa filimu, ikumveka bwino pa 1/125 ya sekondi, koma pa sekondi imodzi imayamba kulira n'kuima pakati ngati munthu waiwala nyimbo. Lenzi ilibe nkhungu, mwayi waukulu pa chinthu chimene chagona m'sutikesi zaka zonsezi, koma galasi lake lasanduka lachikasu ngati tiyi wopanda mkaka.

Ndapita nayo kwa mdala wina wokonza mawotchi pafupi ndi msika. Anaitembenuza kawiri n'kundibwezera.

"Achimwene, ine ndimakonza mawotchi."

"M'katimo mulinso wotchi, madala. Tamverani." Ndinaika pa sekondi imodzi n'kudina.

Anaiyandikiza kukhutu, n'kupempha kuti ndidinenso. "Mafuta auma. Isiyeni. Koma musandithamangitse, ndipo mukaitenga musadzayerekeze kuthiramo mafuta a makina osokera."

Lenzi ndabwerera nayo kunyumba. Chikasucho si litsiro. Malenzi ena a Super-Takumar 50mm f/1.4 ali ndi galasi losakaniza ndi chitsulo chotchedwa thorium, limene limapinda kuwala bwino koma limasintha mtundu zaka zikamapita. Mankhwala ake ndi dzuwa. Ndaika pepala lasiliva kumbuyo kwake n'kuikhazika pawindo, mosayang'anitsa dzuwa la masana, chifukwa lenzi imatha kuyatsa katani.

23 Febuluwale

Khadi lachiwiri, ndipo lero ndagula bolopeni yofiira.

Mu 1952 Asahi inatulutsa kamera yake yoyamba, Asahiflex I. Nthawi imeneyo Nikon ndi Canon ankapanga makamera otengera Contax ndi Leica za ku Germany, amene umayang'ana pa kawindo kapadera pamene lenzi ikuona zake. Matsumoto anasankha njira ina: kamera ya SLR, yokhala ndi kalilole kumbuyo kwa lenzi, kuti diso lione chimene filimu idzaone. Ku Japan inali yoyamba ya mtundu umenewu pa filimu ya 35mm, ndipo mawu amenewa ndawasiya pa khadi. Unkaigwira pachifuwa n'kuyang'ana pansi, ndipo chithunzi chinkaoneka chotembenuka, kumanja kuli kumanzere. Kujambula mwana wothamanga ndi kamera yotero ndi kudzifunira mutu.

Vuto lalikulu la ma SLR ambiri a nthawiyo linali mdima. Ukadina, kalilole ankadumpha n'kukhala komweko mpaka utakoka filimu, ndiye sunkaona ngati mkwatibwi waphethira. Asahiflex IIB ya 1954 inabwera ndi kalilole wobwerera yekha nthawi yomweyo. Ine ndinali nditalemba kale kuti "yoyamba padziko lonse". Koma ku Hungary kunali Gamma Duflex ya m'zaka za m'ma 1940, imene inali ndi kalilole wotero. Anaipanga yochepa kwambiri, anthu ambiri sanaione n'komwe, koma inalipo. Ndakhwatcha. Pa khadi tsopano pali mawu akuti Asahi ndi imene inafikitsa kaliloleyu m'manja mwa anthu ambiri. Sakukoma ngati oyamba aja, koma ndi oona.

2 Malichi

Sabata yonse ndakhala pa chaka chimodzi, 1957, ndipo ndikuona kuti mtima wa kabati yonse uli pamenepa.

Chaka chimenecho kunatuluka kamera yotchedwa Asahi Pentax. Pamwamba anaikapo pentaprism, chigalasi cha mbali zisanu chimene chimawongola chithunzi, kuti munthu ayang'ane kutsogolo kamera ili pa diso. Kumanja anaika kachitsulo kokokera filimu ndi chala chachikulu, kumanzere kachogwirira kopindika kobwezera filimu m'kachitini kake. Mukatseka maso n'kuganiza za "kamera", chimene mukuona ndi chimenechi: kaphiri pakati, kokokera kumanja, kobwezera kumanzere. Kamera ya malume, imene inabwera zaka zingapo pambuyo pake, ndi thupi lomweli.

Koma bolopeni yofiira yagwiranso ntchito. Pentaprism inali kale pa Contax S ya ku Dresden, ku East Germany, mu 1949. Nawonso mazinga omangira lenzi, a M42, mamilimita 42 mulifupi, anachokera ku Dresden komweko, pa Contax S ndi Praktica. Asahiflex inali ndi mazinga akeake a mamilimita 37, ndipo Asahi inawataya n'kutenga a eni ake. Ngakhale dzina lakuti Pentax linali la kampani ya Zeiss Ikon ya kumeneko lisanafike ku Tokyo. Ndinakhala kaye chete nditazindikira zimenezi. Kodi ndikulemba mbiri ya wopanga kapena ya wobwereka?

Yankho langa ndi lakuti kubwereka mazinga ndiye nzeru yaikulu imene Asahi inachita. Munthu amene anali kale ndi lenzi ya ku Germany ankatha kuimanga pa kamera ya ku Japan. Makampani ena, monga Yashica, Ricoh, Fujica, Chinon, ndi Zenit ya ku Soviet Union, nawo anadzagwiritsa ntchito mazinga omwewo, moti lenzi inasanduka ngati tayala la njinga: ukalifuna sufunsa kuti njinga yako anapanga ndani. Pentax inagulitsidwa yochuluka mpaka anthu ambiri olankhula Chingerezi anayamba kuwatcha mazingawo kuti ndi a Pentax, eni ake a ku Dresden ali pomwepo. Kwa wojambula wa kumudzi ngati malume, amene sitolo ya malenzi inali kutali ndi masiku awiri a ulendo, zimenezi zinali zaphindu kuposa kudziwa kuti anayamba ndani.

Kanthu kena ka pa khadi lachinayi: ku America makamerawa ankafika ndi mayina ena. Sears inkawagulitsa ndi dzina la Tower, ndipo pambuyo pake ankalembedwa Heiland Pentax, kenako Honeywell Pentax, potengera kampani yoitanitsa. Ndikufuna anawa akadzaona Honeywell pa intaneti asadzaiyese yachinyengo.

10 Malichi

Mvula masiku asanu ndi limodzi. Lenzi yangokhala pawindo kuyang'ana mitambo, ndipo ndaichotsapo kuopa chinyontho. Kwa mdala wa mawotchi ndinapitako Lachisanu, anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, ine n'kubwerera.

19 Malichi

Spotmatic yabwera. Sekondi imodzi ikulira mpaka kumapeto. Mdala wandionetsa kansalu kamene anapukutira timagudumu ta m'kati, kakuda bii, ndipo wakana kulandira ndalama yoposa ya wotchi yapamkono. Siponji ndamata ndekha. Yakale ndinachotsa ndi kamtengo kotokosera m'mano ndi sipiriti, ndipo m'timizere ta chitseko ndaikamo ulusi wakuda wolukira majuzi, umene mayi a kunyumba anandipatsa atandiseka kaye.

Mita yoyezera kuwala ndiyo inandidetsa nkhawa. Kamerayi inapangidwira kabatire ka mercury ka mavoti 1.35, kamene sikapangidwanso. Makamera ambiri a nthawi imeneyo ukawaika batire yamakono ya 1.55 amanama. Spotmatic sinama kwenikweni, chifukwa mawaya ake anawalumikiza mofanana ndi sikelo ya mbale ziwiri: muvi umafika pakati mbali ziwiri zikalingana, kaya batire ndi yamphamvu pang'ono kapena ayi. Ndinapala dzimbiri pa kachivundikiro, n'kuika batire ya wotchi yozunguliridwa ndi kamphira kuti isagwedere. Nditakankha kabatani ka pambali pa lenzi, muvi unadumpha. Ndinafuula mpaka mwana anadzuka.

Dzina la kamerayi lili ndi bodza laling'ono. Mu 1960, pa chionetsero cha photokina mumzinda wa Cologne, Asahi inaonetsa kamera yoyeserera yoyeza kuwala pa kadontho kamodzi ka pakati, n'chifukwa chake Spot. Pamene inkafika m'sitolo mu 1964, anali atasintha maganizo: mita inkayeza chithunzi chonse n'kutenga pakatikati, poopa kuti anthu wamba asokonezeka ndi kadontho. Dzina lokha anasiya. Ndipo m'zaka zinayi zimenezo Topcon RE Super inatuluka mu 1963 ndi mita yoyeza kudzera m'lenzi. Kukhwatcha kwachitatu.

Koma tangoigwirani. Topcon ija inali yolemera ndi yodula, ya akatswiri. Spotmatic inali ya mphunzitsi, ya m'busa, ya munthu wa kumigodi amene wasunga ndalama miyezi ingapo. Ukakankha kabatani kaja lenzi imatsinzina, chithunzi chimada pang'ono, umazunguza mpaka muvi ufike pakati, basi. Malume sukulu anailekeza sitandade 5, koma zithunzi zawo sizinkapsa.

30 Malichi

Tsopano K1000, ndi khadi limene ndikudziwa kuti ena adzanditsutsa nalo.

Mazinga amene anakweza Asahi ndi omwenso anaichedwetsa. Kumanga lenzi ya mazinga kumafuna kuzunguza kangapo, ndipo lenzi siimaima pamalo enieni amodzi nthawi zonse, choncho n'kovuta kuti iuze kamera kuti kabowo ka kuwala katseguka motani. Minolta inali ndi chomangira chongopotoza pang'ono n'kumva kuti khethe kuyambira 1958, Nikon F kuyambira 1959. Asahi inakakamira. Inachita zazikulu ndithu m'zaka zimenezo: mu 1971 malenzi a Super-Multi-Coated okutidwa kasanu ndi kawiri kuti kuwala kusamabalalike, chaka chomwecho Electro Spotmatic yosankha yokha liwiro la shutter, ndipo mu 1973 Spotmatic F yoyeza kuwala lenzi isanatsinzine. Koma kuti zimenezi zitheke anachita kuwonjezera timano pa mazinga aja, ndipo timanoto tinkagwira pa malenzi a Asahi okha. Tayala la njinga lija linayamba kufunsa dzina la njinga. Zengerezu analinda kwawukwawu: pamene chomangira cha K chinkatuluka mu 1975, pa makamera a K2, KX ndi KM, akatswiri ambiri anali atapita kale kwa Nikon ndi Canon, ndipo Olympus OM-1 ya 1972 inali itaonetsa kale kuti SLR ikhoza kukhala yaing'ono.

Zinthu ziwiri anachita bwino. Mtunda wochokera pa chomangira kufika pa filimu anausiya womwewo, mamilimita 45.46, kuti malenzi akale a mazinga azimangika ndi kamkombero kopyapyala. Ndipo chomangira chatsopanocho sanachitsekere m'nyumba: Ricoh, Chinon, Cosina ndi ena anapanga makamera ndi malenzi a K. Phunziro la 1957 sanaliiwale.

K1000 inatuluka mu 1976 ngati yotsika mtengo pa zonse. Anatenga KM n'kuchotsa chodzijambulira wekha ndi kabatani koonera kuya kwa fokasi. Ilibe ngakhale switchi: mita imayaka kuwala kukalowa, ndiye ukaiwala kuvundikira lenzi batire imatha. Chaka chomwecho Canon inatulutsa AE-1 yokhala ndi kakompyuta m'kati, ndipo aliyense akanati K1000 ifa msanga. Inapangidwa mpaka 1997, zaka 21, ndipo inagulitsidwa yoposa 3 miliyoni, makamaka chifukwa aphunzitsi a kujambula ankaifuna: palibe chimene ingakuchitire, uyenera kuphunzira. Batire ikatha, shutter imagwirabe pa liwiro lililonse.

Yanga ndi ya kumapeto. Ntchito yomanga K1000 inasamuka ku Japan kupita ku Hong Kong, kenako ku China, ndipo za ku China zilibe dzina la Asahi pamphumi. Ndagogoda pamwamba ndi chikhadabo: pulasitiki. Ndagogoda Spotmatic: chitsulo. Ndaganiza zoti m'kabati ziime moyandikana, ndipo anawa ndidzawalola kugogoda.

6 Epulo

Tsiku loipa. Ndinatsegula pansi pa K1000 kuti ndione waya wa batire, ndipo kasikuluwu kamodzi kanagwa. Pansi ndi simenti, kasikuluwuko n'kochepa kuposa njere ya mapira. Tinasesa chipinda chonse, tinayendetsa maginito a sipika yakale, osakapeza. Mdala wa mawotchi wandipatsa kena kofanana kuchokera m'kabotolo kake, ndi mawu akuti, "Achimwene, thireyi mulibe kunyumba kwanu?" Tsopano ndikugwirira ntchito m'thireyi yoperekera tiyi.

Chabwino chimodzi: dzuwa labwerera, ndipo chikasu cha lenzi chayamba kutha. Ndikaika pa pepala loyera pambali pa lenzi ya K1000, kusiyana kulipo koma si kwa tiyi uja.

13 Epulo

Makadi atatu a makamera amene ndilibe, ndiye ndingoikapo zithunzi zosindikiza. Pentax 6x7 ya 1969, chimphona cha filimu yaikulu ya 120 chooneka ngati Spotmatic yodya bwino. Auto 110 ya 1978, SLR yokwana m'chikhatho, ndi timalenzi tosintha tonga zivundikiro za mabotolo. MX ndi ME za 1976, yankho lawo kwa Olympus. LX ya 1980, ya akatswiri, yotsekedwa bwino kuti fumbi ndi chinyontho zisalowe. Dzinalo ndi 60 m'manambala achiroma, pokumbukira zaka za kampani. Inali kamera yabwino kwambiri imene inafika paphwando mbale zitatsukidwa kale. Mu 1981 Asahi inakwanitsa ma SLR 10 miliyoni.

Pentax ME F ya 1981 yandidyera bolopeni kachinayi. Ndinalemba kuti SLR yoyamba yodzipezera fokasi, koma Polaroid SX-70 Sonar ya 1978 nayonso ndi SLR, ndiye ndawonjezera mawu akuti "ya 35mm". Fokasiyo inkagwira ndi lenzi imodzi yokha ya 35-70mm, yonyamula mota ndi mabatire anayi pamimba pake, ndipo inali yochedwa. Msika unatengedwa ndi Minolta 7000 mu 1985. Apa zinatembenuka: Asahi inayamba, wina n'kufikitsa kwa anthu.

21 Epulo

Msuweni wafika kuchokera ku Johannesburg ndi mafilimu asanu akuda ndi oyera a ISO 100, mankhwala otsukira, kathanki, ndi kamkombero komangira lenzi ya mazinga pa kamera ya K. Loweruka ndinajambula filimu imodzi ndi Spotmatic: msika, njinga za kabaza, mayi a kunyumba akupeta mpunga. Pa zithunzi zina ndinatsatira muvi, pa zina lamulo lakale la dzuwa, kabowo ka kuwala pa f/16 ndi shutter pa 1/125, kuti ndione ngati zikugwirizana. Zikugwirizana.

Kutsuka ndinachita usiku. Chipinda chamdima ndilibe, ndiye ndinalowa m'mabulangete awiri, magetsi onse ozima, n'kukulunga filimu pa kagudumu ka thanki mongopapasa. Thukuta linali kamukamu, ndipo filimu inakakamira kawiri chifukwa cha manja onyowa. Madzi ndinawaziziritsa mpaka madigiri 20 ndi botolo la m'furiji. Nditatsegula thanki n'kuona timafelemu takuda motsatana, ndinaganiza za malume, amene ankatumiza filimu kutauni pa basi n'kudikira milungu iwiri kuti adziwe ngati ukwati wa eni ake watuluka.

Zithunzi 31 pa 36 zili bwino. Ziwiri ndinaononga m'bulangete. Zitatu, zonse za pa 1/1000, zili ndi mbali imodzi yakuda. Shutter ya Spotmatic ndi makatani awiri ansalu othamanga chopingasa, ndipo pa liwiro lalikulu mpata wa pakati pawo ndi wochepa kwambiri. Katani yachiwiri ikupeza yoyamba ulendo usanathe. Kukonza kwake n'kusintha mphamvu ya masipuling'i, ndipo popanda makina oyezera ndi kungolota. Mdala ndi ine tagwirizana kuti tisakhudze. Ndamata kapepala kumbuyo: osapitirira 1/500.

Ndayesanso kamkombero kaja. Lenzi ya malume yalowa pa K1000 ya ku China, ndipo phiri lakutali likuoneka lakuthwa. Galasi la m'zaka za m'ma 1960 pa thupi la m'zaka za m'ma 1990, mazinga a ku Dresden pakati. Kuchotsa kamkomberoko ndiye nkhondo, kali ndi kasipuling'i kofuna chikhadabo cholimba.

4 Meyi

Makadi awiri omaliza. La 11 ndi louma, ndipo ndalisiya louma. Mu 1986 Pentax Zoom 70, kamera ya m'thumba yokhala ndi zoom, inagulitsidwa kwambiri. Mu 2002 kampani inataya dzina la Asahi n'kukhala Pentax Corporation. Mu 2003 inatulutsa *ist D, SLR yake yoyamba ya digito, Nikon ndi Canon ali patsogolo kale. Hoya, kampani ya ku Japan yopanga magalasi a maso, inaigula mu 2007 n'kuimeza yonse mu 2008. Chimene inkafuna kwenikweni ndi zipangizo zachipatala zoonera m'mimba, ndipo mu Okutobala 2011 gawo la makamera linagulitsidwa kwa Ricoh. Ricoh yomwe ija inkapanga makamera a chomangira cha K kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Wobwereka mphika ndiye anadzagula khitchini. Wopera magalasi a maso wa 1919 anamezedwa ndi Hoya, wopanga magalasi a maso mnzake, koma zimenezi sizinakwane pa khadi.

La 12 ndi limene anawa adzaimepo nthawi yaitali. Mu Disembala 2022 Ricoh inalengeza kuti ikufuna kupanganso kamera ya filimu, ndipo mu Juni 2024 kunatuluka Pentax 17. Imajambula theka la felemu, mamilimita 17 kwa 24, choncho filimu ya zithunzi 36 imapereka 72, ndipo chithunzi chimaima chilili ngati cha pafoni. Lenzi ndi ya 25mm f/3.5, filimu umakoka ndi chala. Kuti kachitsulo kokokerako kapangidwe, akatswiri achinyamata anachita kukafunsa madala amene anapuma kale ntchito, chifukwa mapulani a papepala okha sankakwanira. Ndinamuuza zimenezi mdala wa mawotchi. Anati, "Ndiye inu mumadabwa chiyani?" n'kupitiriza kutsegula wotchi ya munthu.

Si SLR, ndipo ine sindingaisinthanitse ndi Spotmatic. Koma pamphumi pake abwezapo kachizindikiro kakale ka Asahi Optical, ka zilembo za AOCO, komwe kali pa kamera ya malume, komwe K1000 yanga inachotsedwa.

17 Meyi

Kabati yaima. Galasi lake ndi la windo lakale, mashelefu awiri, makadi 12 omata pa bolodi kumbuyo. Achinyamata anabwera 14.

Ndinkayembekezera mafunso a mbiri. Funso loyamba linali lakuti, "Ankolo, tikajambula tionera pati?" Nditayankha kuti tidzaona sabata yamawa, panali phokoso ngati ndalengeza maliro. Kugogoda anagogoda onse, chitsulo ndi pulasitiki, ndipo mtsikana wina anati ya pulasitiki ndiyo yabwino chifukwa siilemetsa khosi. Sindinamutsutse. Mnyamata wina anawerenga makadi onse mwakachetechete n'kubwera kudzandifunsa chifukwa chake mawu ena ndi okhwatchidwa ndi bolopeni yofiira pa makadi oyeserera amene ndinawasiya pa tebulo. Nditamufotokozera za Duflex ndi Topcon, anati ndiwamate omwewo m'kabati m'malo mwa oyera aja. Ndavomera pa khadi limodzi, la 1957.

Tinagawana: gulu lina Spotmatic, lina K1000, aliyense mafelemu asanu. Amene pafoni amajambula zithunzi 40 za mbale imodzi ya chipisi anaima mphindi zitatu akuzunguza fokasi pa nkhope ya mnzake. Wina anatsegula chitseko cha K1000 filimu ili m'kati, kufuna kuona ngati ikuyenda. Ndinatseka msanga, mwina tataya mafelemu anayi kapena asanu.

Zotsala: mafilimu awiri atsukidwe Lachitatu usiku, ndipo anyamata awiri apempha kudzalowa nawo m'bulangete, ndiye pafunika lachitatu. Pa khadi la 7 ndalemba 1957 pamene pafunika 1975. Chivundikiro cha lenzi ya K1000 chasowa pa chipwirikiti chija, choncho ndachotsamo batire mpaka chipezeke. Kabati ilibe loko, makamera ndabwerera nawo kunyumba m'chikwama cha malume.